Nkhope imene ndinagula ku Goromonzi

Apongozi anga akafuna kuseketsa alendo amayambira pa tsiku limene anandiona koyamba, ndiye bola ndiulule ndekha asanakuuzeni iwo atathira mchere.

Ine ndinakulira papulazi ya fodya, ndipo nkhope yanga sibisa. Dzuwa la maricho, ganyu uja wa m'minda ya eni, linandisiyira zigamba ziwiri zakuda m'masaya. Sindinkazilabadira mpaka pamene chibwenzi changa Zuze, dalaivala wa ku mgodi ku Arcturus, ananena kuti Lamulungu akandionetsa kwa mayi ake. Mchemwali wake anali atandinong'oneza kale kuti mayiwo amafuna mtengwa wa unesi. Ndinachita mantha kwambiri. Zuze ndinkamukonda, koma ndinkamudziwanso: mayi ake akanapukusa mutu, iye sakanalimba.

Loweruka ndinapita ku Goromonzi kukafuna konsila, zodzola zija zobisa zipsera kumaso. Ya ku famasi mtengo wake unali maricho a masiku atatu, ndipo ndinaibweza pashelefu mwaulemu. Panja, pafupi ndi pokwerera makombi, maminibasi a kuno, panali mayi wina ndi tebulo lake la timachubu.

"Sisi, iyi ndi dola imodzi chete, koma imabisa ngakhale chipsera cha moto," anatero. "Yesani pamkono. Ndi mmene amachitira a ku Harare."

Ndinapinda malaya n'kupaka mkati mwa mkono, ndipo mtundu wake unagwirizana ndi khungu langa bwinobwino. Chimene ndinaiwala n'chakuti ife pothyola fodya timavala masokosi odula kunsonga kuchokera m'manja mpaka m'zigongono, kuopa phula la masamba. Mkono umenewo unali usanaonepo dzuwa kwa zaka. (A ku Harare mkono ndi nkhope n'zapachibale. Kwa ine sizidziwana n'komwe.)

Lamulungu m'mawa ndinapaka pa zigamba zija. Zinabisikadi, wogulitsa uja sananame, kungoti m'malo mwa zigamba zakuda ndinali ndi zoyera. Ndinati ndilinganize, ndipo ndinapaka masaya onse. Chipumi chinaoneka cha munthu wina, n'kupakanso. Kenako chibwano, kenako khosi. Kagalasi kanga n'kakang'ono, kamaonetsa nkhope chigawochigawo, ndipo chigawo chilichonse pachokha chinali chokongola. Amayi anga anandiyang'ana nthawi yaitali ndili pakhomo, nangoti, "Uyende bwino, mwananga."

Unali mwezi wa Okutobala, ndipo m'kombi tinakhala anayianayi, zenera losatseguka. Pofika ku Arcturus thukuta linali litalima mizere kuchokera pachipumi mpaka kuchibwano. Zuze anandichingamira pasiteji.

"Ukudwala?" anafunsa.

"Ayi."

"Nanga kumasoku?"

"Tiye, tichedwa," ndinamudula.

Mayi ake tinawapeza atangobwera kutchalitchi, atavala bulauzi yoyera ya amayi a chigwirizano. Ndinagwada, n'kuwomba m'manja monga mwa ulemu. Iwo, pokhala munthu wansangala, anandidzutsa n'kundikumbatira. Atandisiya, theka la nkhope yanga linatsala paphewa pawo. Azakhali ake a Zuze, amene anali pomwepo, anayamba kuyang'ana kudenga. Ine ndinkangofuna nthaka itang'ambika.

"Tabwera kuno," anatero mayiwo.

Ananditengera kuseri kwa nyumba, n'kundipatsa beseni la madzi ndi sopo wochapira. Ndinasamba misozi ikutuluka, podziwa kuti zanga zathera pomwepo. Nditadzutsa mutu anandigwira chibwano, n'kutembenuzira nkhope yanga uku ndi uku ngati akusankha dzungu.

"Fodya kapena chimanga?"

"Fodya, amayi."

"Unayamba liti?"

"Ndili kamtsikana."

Anandisiya chibwano. "Za nesi ndinkanenadi ine," anatero. "Koma mkulu wake wa Zuze anakwatira nesi, ndipo munda wanga nesiyo amauonera pafoni. Iwe mvula ikagwa ubwere ndi khasu lako." Anavula mpango wawo kuti ndipukutire kumaso, ndipo apo m'pamene ndinalira zenizeni, kulira kwa mpumulo.

Zuze anandikwatira, ndipo mayiwo amandikonda, zimenezo sindingakane. Aliyense amamuuza kuti mwana wawo anasankha bwino. Kungoti munda wawo ndi waukulu, udzu wake ndi wa nsenjere, ndipo chaka chilichonse mvula yoyamba isanaume n'komwe foni yanga imalira, apongozi akundiitana. Nthawi zina ndikaweramira khasu m'mundamo, msana ukuwawa, nesi uja atatumiza moni, ndimaganiza kuti tsiku lija ndikanangokana kusamba.