Mng'alu wa a Taillefer

Inu, sendezani mipando kuno, vinyoyo sathawa. Mumadziwa chifukwa chake chinyumba cha mafumu akale chili paphiripo chikudonthabe mpaka lero? Ndi a Barnabé Taillefer amenewo, mlonda wake.

Bambowa anali msilikali pa unyamata wawo, ndipo kunyada kwake, eee! Denga linkadonthera pabedi penipeni, akazi awo mayi Léontine n'kumagona atafungatira beseni, koma ukawafunsa a Taillefer ankangoti, "Ndi mame chabe."

Ndiye m'chaka cha 1851 kunabwera uthenga woti kukubwera munthu wa ku Paris ndi bokosi lojambulira zithunzi, kuti akuluakulu a boma aone nyumba zakale zofunika kukonza.

"Mulungu watimva!" anatero mayi Léontine. "Mumuonetse dengali, bambo. Mumuonetsenso mng'alu wapakhomowu, mbuzi zikuchita kulowerapo."

"Ine? Paris yonse ione kuti Taillefer amagona m'bwinja? Léontine, manyazi ulibe?"

Masiku atatu munthu sanakhale pansi. Padenga anayalapo matabwa, n'kuwapaka mwaye kuti afanane ndi matailosi. Mumng'alumo anatsenderamo udzu ndi matope. Tsikulo litakwana anavaliratu yunifolomu yawo yakale, mendulo pachifuwa, chipewa kumutu, n'kukwera makwerero ndi ndowa ya laimu kuti apake komaliza.

Tamverani tsono. Ali pamwambapo, anamva ngolo ikubwera. Kutembenuka kuti aone, makwerero terere! Pofuna kudzigwira anakoka udzu uja, wonse n'kuzuka, iwo pansi khu, ndowa pamutu vuu! Podzuka anali atayera kuyambira chipewa mpaka nsapato, mng'alu uli yasa kumbuyo kwawo. Nthawi yosamba inalipo ngati? Anangoima patsogolo pa mng'aluwo, chifuwa patsogolo, dzanja m'chiuno.

Wojambulayo, a Octave Lemarchand, anaimika bokosi lake lamiyendo itatu kutali, kutsidya kwa ngalande, n'kufuula, "Bambo oyera inu, tachokanipo!"

"Mlonda sachoka pakhomo!"

"Chabwino, koma musagwedezeke kwa mphindi khumi ndi zisanu. Mukangosuntha, mutuluka ngati utsi, ndipo khoma lakumbuyo kwanulo lionekera."

Khoma lionekera! A Taillefer anauma gwa.

Mphindi yoyamba, laimu anayamba kuotcha m'khosi. Yachitatu, nkhunda inatera pachipewa, n'kuona kuti malowo ndi abwino, n'kuchitapo zake zonse. Yachisanu, anafika atsekwe a mayi Léontine. Anazungulira, anakambirana, kenako wamkulu wawo anayamba kuwajompha akatumba a m'miyendo, uku ndi uku, ngati akusankha nyama pamsika.

"Léontine!" anatero a Taillefer ndi mbali imodzi ya pakamwa. "Ingitsa zinthu zakozi!"

Mayiwo anali atakhala pambali pa wojambula, akumudulira buledi ndi tchizi. "Ndilowe m'chithunzi ndi epuloni yong'ambikayi? Paris yonse ione? Manyazi mulibe, bambo?"

Munthu anapirira, inu. Misozi inkatsika ikulemba tinjira mulaimumo, koma sanaphethire n'komwe. A Lemarchand atatseka diso la bokosi lawo, a Taillefer anathamangira kuchitsime atsekwe ali pambuyo, ndipo sabata yonse ankayenda ngati akuwoloka mtsinje. Koma kumalo omwera kuno ankadziguguda pachifuwa: "Ulemu wa mudzi uno ndaupulumutsa ndine."

Patatha miyezi iwiri kalata inafika, a meya n'kuitanitsa mudzi wonse kuti aiwerenge pabwalo. A Taillefer anakhala kutsogolo, ndevu atazipotokola.

"Taona chithunzi," anawerenga a meya. "Nyumba yanuyo ndi yolimba, denga lake ndi labwino, sikufunika kukonza. Amisiri tiwatumiza kumudzi wina."

Mayi Léontine anangogwira kukamwa. A meya anatsokomola n'kupitiriza.

"Chatidandaulitsa ndi chiboliboli cha msilikali chili pakhomocho. Si chakale ayi, ndipo anachisema ndi munthu wosadziwa ntchito: mimba yaikulu, miyendo yamatewe, nkhope ngati chikumva m'mimba. Chikunyozetsa nyumba yokongola. Chichotsedwe msanga."

Kenako mayi Léontine anaimika dzanja.

"A meya, ngolo ndibwereka ndine. Mungondiuza kokachitaya."