Dzina la Buluzi wa Mapiko

"Ababa, kodi nyama amazipatsa mayina ndani?"

Funso la mwana wakeyo Jenerale analipititsa kwa aneba awo, mayi dokotala wa zinyama wogwira ntchito kunyumba yosungirako zachilengedwe. Mayiwo, poti sadziwa kubisa mawu, anati iwonso ali pa ntchito yomweyo. Anali atapeza mtundu watsopano wa buluzi wouluka, mmodzi yekhayo, ndipo anali m'botolo kudikira dzina. Botololo litati litayike, zaka zinayi zoyenda m'nkhalango zikanapita pachabe.

Loweruka masana kumalo omwera mowa, Jenerale anayala pulani yoba botololo pamaso pa mbava zinzake ziwiri, Sipanala ndi Tochi.

"Chinthu chimodzi dziko lonse, aise! Olemera zotere amagula osafunsa mtengo. Lolemba nthawi ya nkhomaliro tilowa ngati okonza mafani oziziritsa m'maofesi. Mphindi zisanu, dilu yatha."

"Koma buluzi amaulukadi?" anafunsa Tochi.

"Iwe ndiwe wa msonkho wa mapiko? Imwa mowa."

Kunena chilungamo, pulaniyo sinali yoipa. Jenerale anangoiwala kufunsa kumene dokotala amadyera. Amadyera pa desiki.

"Aneba! Mumakonzanso mafani?" anatero mayiwo atawaona m'maovolosi. "Mwabwera bwino, manja akundichepera. Gwirani apa."

Buluziyo anali pa thireyi pansi pa nyali, wamng'ono ngati chala, mchira wokhawo ndiwo unali wautali. Jenerale anatambasula phiko ndi kopanira, khungu lopyapyala loyalidwa pa nthiti zotalika. Sipanala anayeza mchira ndi rula. Tochi, amene sukulu anaisiya chifukwa cha masamu, ankalemba manambala lilime lili panja. Mamba a pamlomo anawawerenga katatu, chifukwa Sipanala ankatsokomola pakati.

"Nanga dzina lake?" anafunsa Jenerale, maso ali pa botolo.

"Ndi zimene zikundipweteketsa mutu. Langa sindingaike, anzanga angandiseke. Kawirikawiri timatchula munthu amene watithandiza. Ndipo dzinalo likalowa m'mabuku silifufutika, ngakhale papite zaka mazana."

Dzina lenileni la Jenerale linkatchulidwa kukhoti kokha, ndipo olitchulawo sankamwetulira. Anapempha cholembera. Analemba mayina ake onse atatu. Anzakenso analemba awo, ndipo Tochi anawonjezera nambala ya foni.

Dokotala anabwezera buluzi m'botolo n'kupita kukasamba m'manja. Botolo linalowa m'chikwama cha zida. Atatuwo anatsika masitepe, mlonda wa pageti anawakwezera dzanja, msewu uwo. Basi inali itaima, chitseko chili pululu.

Apa m'pamene Sipanala anatsegula pakamwa.

"Komatu langa ndalemba pamwamba pa lanu, madala. Mchira ndayeza ndine."

"Mchira? Phiko wagwira ndani? Buluzi wopanda phiko ndi wa pakhoma chabe!"

"Manambala ndalemba ndine," anatero Tochi. "Komanso nkhope yake ndi ya malume anga."

Basi inapita. Yachiwiri inapitanso, iwo atagwirana makolala. Pomaliza Jenerale anagamula monga mtsogoleri: "Tiyeni akatiweruze mwini wake."

Anakwera masitepe omwe aja. M'chipinda anapezamo alonda awiri ndi wapolisi atagwira pepala la mayina, dokotala atakhala pampando, manja ali kumutu. Jenerale sanaone zonsezo. Anatulutsa botolo, analiika pa desiki, nati, "Aneba, nenani mosakondera. Ameneyu akufanana ndi ndani?"

Wapolisiyo anati pa zaka zake zonse za ntchito, aka kanali koyamba kulandira mbava, katundu ndi mayina pa thebulo limodzi.

Mawa lake dokotala anakamuona mneba wawo kupolisi. Sanakalipe, poti buluzi wawo anabwerera wathunthu.

"Ndiye dzina lija?" anafunsa Jenerale, atagwira zitsulo za pachitseko.

"La buluzi iwalani. Ndampatsa la mayi wina amene anandinyamulira katundu m'nkhalango. Koma m'khwapa mwa phiko ndapezamo kankhupakupa. Nakonso sindinakaonepo m'buku lililonse."

Jenerale anasendeza nkhope kufupi ndi zitsulozo.

"Kameneko nakonso dzina lake silifufutika?"

"Silifufutika."

"Ndiye kameneko mukapatse langa. Sipanala asamve. Mwalonjeza, aneba?"

"Ndalonjeza. Bola inunso mulonjeze kuti mafani akuntchito kwanga simudzawakonzanso."

"Ndalonjeza," anatero Jenerale, ndipo anagwirana chanza kudzera m'zitsulomo.