Chala Changa pa Pepala la Voti

Lolemba, 28 Okutobala 1991
Kwatsala masiku atatu. Ndatsimikiza, ndivotera chipani chatsopano. Ndatopa ine! Sopo pamzere, mchere pamzere, kulowa mumsika mpaka uonetse khadi la chipani. Vuto ndi limodzi: apongozi anga aamuna ndiwo tcheyamani wa chipani chakale kuno ku Magodi. Akadziwa, ndapita kwathu ku Mphamba ndi mtolo pamutu, ana n'kutsala kuno.
Zochita:
1. Kutseka pakamwa.
2. Kuvina kwambiri pamsonkhano.
3. Osauza bambo a Towela. Mwamuna wangayu akalawa kachasu amaulula ndi za m'maloto zomwe.

Lachiwiri, 29
Msonkhano pansi pa mtengo wa mango. Ndavina mpaka chitenje kumasuka. Apongozi akuti, "Ku Lusaka kuli makina, amaona aliyense wopanduka." Kenako atolera makadi ovotera a banja lonse, ati angatayike. Langa lili m'chikwama chawo, pa njinga. Mayo ine!

Lachitatu, 30
Kuchitsime, akazi a aphunzitsi a Zimba andinong'oneza: voti ndi chinsinsi, ngakhale mwamuna wako saloledwa kusuzumira. Amuna awo ndiwo agawe mapepala mawa, ndiye akudziwa. Za makina sindinafunse, kunatulukira mlamu wanga wina wa makutu aatali.
Ndayeserera X pansi ndi kamtengo. Nkhuku zafufuta. Zikomo nkhuku.
Apongozi akuti alowa movotera ndi mayi aliyense wa m'banja lathu kukamuthandiza. Kundithandiza ine wa Giredi Seveni?

Lachinayi, 31
Mzere kusukulu wafika kubwalo la mpira. Apongozi atigawira makadi pakhomo, n'kuyamba kunditsatira. A Zimba: "Yewo adada, koma awa amawerenga okha. Dikirani panja." Mpaka ndinafuna kululutira!
Andiviika chala chachikulu mu inki. Mapepala awiri, la pulezidenti ndi la phungu. Kuseri kovotera ndili ndekha. X apa, X apo. Ndatha!
Kuyang'ana bwino: chala changa chadinda mapepala onse awiri, timizere tonse kuoneka, ngati pogulitsa fodya. Makina aja! Ndapaka malovu, inki yangofalikira. Ndakhwatchakhwatcha ndi cholembera. Chidindo chabisika, ma X anga abisika nacho limodzi. Panja apongozi akutsokomola. Ndapinda, ndaponya, liwiro.

Lachisanu, 1 Novembala
Belu la njinga likangolira, ndikuti a ku Lusaka afika. Towela akufunsa chifukwa chake ndikukwecha chala ndi mwala. Inki yake ndi yamakani, siikuchoka. Ndamanga kale zitenje ziwiri m'kamtolo, zili kunsi kwa bedi.

Loweruka, 2
Wailesi yanena: chatsopano chatenga boma, ngakhale kum'mawa kuno chakale sichinagwedezeke. Apongozi tsiku lonse ali pakhonde. Madzulo andiitana. Ndagwada patali.
"Mwana wanga, inu nokha munavina ndi mtima wonse. Ena onsewa ndikuwakayikira."
Andipatsa nkhuku. Yaikazi, yonenepa. Manyazi andigwira mpaka kumsana.

Lamulungu, 3
Potuluka m'tchalitchi ndawapatutsa a Zimba. Ndati ndikufunsira mnzanga wina amene anadetsa pepala. Aseka mpaka kugwira m'mimba. Makina kulibe. Chidindo cha chala palibe amene amachifufuza. Koma pepala lokhwatchidwa saliwerenga, amangoliika pambali.
"Mnzanuyo akanangondibwezera, ndikanamupatsa lina. Ndi ufulu wake umenewo. Analipo mulu patebulo panga."
Tebulo lakelo ndikanalifika ndi mapazi atatu.
Ndabwerera kunyumba. Ndamasula kamtolo kaja. Ukwati ulipo, apongozi akundikonda kuposa kale. Koma mtima ukundiwawa. Dziko lasintha boma popanda ine, ndipo palibe anandilanda voti, ndinafafaniza ndekha ndi malovu anga.
Mwayi wina ati ndidikire zaka zisanu. Ndipite ndikaphe nkhuku ya eni.