Namba 7 Wawonjezeranso

Lolemba

Magetsi azima ndisanamalize ngakhale felemu imodzi. Ndakhala pashedi ndi chigoba chowotcherera kumaso ngati chitsiru, kudikira. Mafelemu a mawindo a nyumba yonse ali mbwee pansi. Mwini wake ali ku Joni, ndipo m'mawa uliwonse akutumiza uthenga wa mawu: "Bwana, mwezi ukatha ndikubwera, ndidzapeze mawindo." Akadzapanda kuwapeza ntchito apatsa wina, ndipo pa Boma pano mbiri yoipa imafika ku Euthini minibasi isanadzaze.

Mbwenu ndaganiza. Jenereta. Yangayanga.

A Chipeta, aja amanyamula katundu wa anthu a ku Joni pa telela, atsegula okushoni ya pa foni, malonda opikisana mitengo. Lero aika jenereta yofiira, yowotcherera, ya matayala. Lamulo lawo: mayina satchula. Aliyense ali ndi namba. Mtengo wako umawatumizira kumbali, iwo n'kulemba pagulu kuti namba yakuti yafika pakuti. Akuti n'cholinga choti anthu asamadane kutchalitchi. Kutseka ndi Loweruka, dzuwa lili paliwombo.

Ine ndine Namba 4. Thole la ng'ombe ndagulitsa kale, ndalama zili m'foni.

Pulani:
- kuyamba motsika
- osapsa mtima
- osauza mayi a Temwa mpaka jenereta ilowe pageti

Ndatchula mtengo wanga. Foni sindinaibweze n'komwe m'thumba, a Chipeta alemba: "Namba 7 wawonjezera."

Chabwino. Ndi malonda.

Lachiwiri

Si malonda. Ndi kuba.

Namba 2 wagwa. Namba 9 wagwa. Tatsala awiri. Ndikawonjezera, Namba 7 akuwonjezera pamwamba pake kachidutswa kakang'ono, kongokwanira kundidutsa. Ena aja akamawonjezera, iye sankalowererapo. Akudikira ine.

Ine sukulu sindinapite patali, kuwotcherera ndinadziphunzitsa ndekha pa zitsulo za bedi, koma munthu akamandiika dzanja m'thumba ndimamva. Namba 7 kulibe. Ndi a Chipeta omwe, kapena mlamu wawo, akukankha mtengo kuti ine ndituluke mafuta.

Ndalemba pagulu mosapita m'mbali: "Namba 7 ngati uli munthu tchula dzina la bambo ako." A Chipeta afufuta. Ndalembanso ndi zilembo zazikulu. Afufutanso, n'kundiuza kumbali kuti pagulu pali abusa.

Omwe ndikuwaganizira:
- a Chipeta
- mlamu wa a Chipeta
- wowotcherera wa kuseri kwa msika, yemwe mageti ake amagwa ndi mphepo
- a Chipeta kachiwiri

Mayi a Temwa akufunsa kuti thole lili kuti. Ndati lili bwino.

Lachitatu

Ndapita ku yadi ya a Chipeta masana. Dzuwa likuswa mtengo, pamalo pali zii, ngakhale galu palibe. Jenereta ili pakona, yofunditsidwa tenti yakuda, yomangidwa zingwe kumutu ndi kumiyendo. Sindinakonde mafunditsidwe amenewo.

Ndavundukula. Ndi yabwino chomene, ndisaname. Koma ili ndi kafungo kena, osati ka petulo. Ka maluwa a pamaliro atakhalitsa padzuwa.

Mayi wogulitsa zitumbuwa pageti akuti inabwera pa telela imodzi ndi bokosi la maliro. Mwini wake kutsogolo, iyo kumbuyo, kuchokera ku Joni mpaka kuno. Akuti pamalire anaidinda mapepala limodzi.

Ndawakalipira a Chipeta mpaka mawu kundithera. Iwo osatekeseka, akungoti, "Adada, Namba 7 analipira yolowera ngati inu nomwe." Kuti nditonthole atsegula foni yawo, aphimba dzina ndi chala, andionetsa mauthenga a mitengo akulowadi kuchokera kwa munthu wina.

Chala chinaphimba dzina. Chithunzi sichinaphimbe.

Ovololo yabuluu, chipewa chopendekera kumanzere, dzino lagolide. Chithunzi chomwecho chinanyamulidwa kutsogolo kwa bokosi kuseri kwa Embangweni, ine ndili pomwepo, dothi ndinaponya ndi dzanja langa ili. Lameki Shaba. Tinayambira limodzi kuwotcherera tili anyamata, iye asanapite ku Joni. Munthu woti ukamagula chitsulo amawonjezera mtengo dala kuti iwe usachipeze.

Pansi pa thanki pali zilembo za penti yoyera: L. SHABA.

Ndafunditsanso tenti. Zingwe ndamanga ndekha, bwinobwino.

Lachinayi

Ine za mizimu sindikhulupirira. Ndikulemba pano kuti zidziwike. Wakufa safuna jenereta. Kumeneko awotcherera chiyani?

Namba yake ya ku Joni ndikadali nayo m'foni, sindinaifufute, ulesi basi. Ndaitsegula m'mawa ndikumwa tiyi. Pansi pa dzina palembedwa kuti ali pa intaneti.

Tiyi ndamusiya.

Ndalemba: "Ndiwe ndani?" Timizere tiwiri tasanduka tabuluu. Wawerenga. Kenako pakuoneka kuti akulemba. Akulemba. Akulembabe. Wasiya. Palibe chabwera.

Ndamuyesa. Ndatumiza mtengo ndili m'chimbudzi, poti palibe angandione. Ndisanatuluke: "Namba 7 wawonjezera."

Magetsi abwera kwa kanthawi, ndayatsa makina, ndawotcherera kona imodzi yokhota. Ine! Kona yokhota! Kamvuluvulu walowa pashedi, wazungulira mafelemu, watuluka ndi risiti ya thole, wakaisiya pakhonde pamapazi a mayi a Temwa.

Awerenga. Ndaulula zonse, za jenereta ndi za Namba 7. Sanakalipe, ndipo ndicho choopsa. Angoti, "Ndiye mukulimbirana katundu ndi malemu? A Shaba ali moyo inu simunawapambanepo."

Zomwe zingakhale zoona:
- foni inabedwa ku Joni
- a Chipeta ali nayo foni
- abale ake ali nayo foni
- china chija, chomwe sindikhulupirira

Mawa ndikupita kumudzi kwawo. Ndikufuna ndimuone ndi maso amene akundidyera thole.

Lachisanu

Minibasi mpaka Embangweni, kabaza mpaka kumudzi. Wakabaza atamva kuti ndikupita kwa a Shaba wandisiya pamphambano, akuti tayala lake silikonda njira imeneyo.

Nyumba ya malemu ndi yamalata atsopano, sola padenga, mawindo otsekedwa ndi njerwa poti mafelemu sanafike poika. Manda ali chapafupi, dothi likadali lofiira, nkhata za maluwa zapserera. Mbuzi yaima pamwamba penipeni ikundiyang'ana.

Andilandira a Shaba aakulu, mkulu wake wa malemu. Mkazi wa malemu, NyaMoyo, wabwera chogwada, duku lakuda, wapereka moni ndi madzi, wabwerera m'nyumba osakweza maso.

Ndinakonzeka kukalipa. Ndayamba bwino ndithu. A Shaba aakulu andidikira ndimalize, kenako avomera zonse ngati akunena za mvula.

Akuti abale anagwirizana kugulitsa jenereta kuti agawane. Koma katundu wa munthu sagulitsidwa mwini wake osauzidwa. Anapita kumanda, anamuuza. Pobwerako anaona kuti kungomuuza sikukwana: munthu wavutika zaka ku Joni, wagona m'shedi kuti agule chinthu chimenechi, ndiye chigulitsidwe iye ali duu ngati mlendo? Mbwenu anamulipirira yolowera, napatsidwa namba ngati wina aliyense. Foni yake amaiika pampando wake, mtengo ukabwera iwo amamuwonjezerera.

Ndati kumeneko ndi kukweza mtengo mwachinyengo, ndipo m'tauni anthu amamangidwa nazo.

Akuti si chinyengo, ndi ulemu. Akuti Lameki sakanalola kuti ine ndiitenge motchipa, ndipo ine ndikudziwa. Ndikudziwadi.

Kenako anditonthoza. "Koma musadandaule, adada. Ife tinasiya Lachitatu. Mtengo unafika pabwino, tinakamuuza kuti basi wakwanitsa, apume. Foni tinaitsekera m'sutikesi yake."

Ndafunsa kuti nanga dzulo anandidutsa ndani.

Andiyang'ana. Ndawaonetsa pagulu. Awerenga pang'onopang'ono, milomo ikuyenda. Afunsa ngati dzulo linali Lachinayi ndithu.

Ndati tiyese pompano. Ndatumiza mtengo, foni ndaiika pampando pakati pathu. Manja a a Shaba aakulu ali pamawondo, onse awiri, ndikuwaona. Pabwalo pali zii. Nkhuku zasiya kupalasa.

Foni yanjenjemera. "Namba 7 wawonjezera."

A Shaba aakulu avula chipewa.

Ndafunsa kuti kiyi wa sutikesi ali ndi ndani. Akuti ali ndi NyaMoyo, koma ameneyo za mafoni sazidziwa, ndipo pa nkhani ya katundu sanafunsidwe n'komwe, si mbali yake. Atero akuyang'ana kumanda, osati kunyumba.

Potsanzika NyaMoyo watulukanso kudzatenga kapu. Wati, "Muyende makora, adada." Maso pansi. Chala chake chachikulu ndachiyang'anitsitsa, koma chala ndi chala.

Mbuzi ija yandiperekeza mpaka pamphambano.

Loweruka

Tsiku lotseka. Ndadzuka ndi pulani yatsopano: osawonjezeranso.

Ndawonjezera.

Wawonjezera.

Ndapsa mtima, ndaponya za thole zonse, mpaka mchira. Ndalemba ku namba ija: "Lameki, ngati ndiwe, unali wovuta uli moyo ndipo sunasinthe." Tabuluu. Wawerenga.

Wawonjezera.

Zatsala m'foni ndi za mwini mawindo, zomwe anapereka zogulira zitsulo. Ndalemba mtengo, chala chili pamwamba pa batani. Mayi a Temwa aima pakhomo la shedi ndi lichero, sakupeta, akungondiyang'ana. Dzuwa lafika paliwombo, mthunzi wanga walowa pansi pa mapazi.

Ndaganiza bwinobwino. Ine ndili ndi lendi, fizi ya Temwa, ndi mimba yofuna nsima. Mnzangayo alibe chilichonse mwa zimenezi. Akhoza kuwonjezera mpaka tsiku lachiweruzo, ndipo ali kale pafupi ndi khomo.

Ndafufuta.

A Chipeta alemba: "Yatsekedwa. Wapambana Namba 7. Tiwayamikire." Abusa atumiza timanja towomba.

Ndawaimbira a Chipeta kufunsa kuti alipira ndani. Akuti ndalama ya a Shaba ikupita kwa a Shaba, ndiye palibe chonyamula. Iwo amangofuna gawo lawo la okushoni, ndipo lalowa kale pafoni, kuchokera ku namba yomweyo. Mawu awo akumveka ngati ameza fupa. Akuti jenereta aikweza lero lomwe, saifunanso pa yadi, ndipo aipereka ulere mpaka pakhomo.

Madzulo a Shaba aakulu aimba. Akuti abale akumana, palibe akufuna gawo. Chinthu chakana kuchoka pakhomo, chikhale pakhomo. Aisunge NyaMoyo ndi ana, poti ndi amene akugona nayo nyumba imodzi ndipo akuoneka kuti saopa.

Saopadi.

Lamulungu

Kutchalitchi ndakhala kumbuyo. Nyimbo zonse za lero ndi za kuuka kwa akufa. Sindinayimbe.

Zomwe ndili nazo:
- ndalama za thole, popanda thole
- mafelemu osatha
- kona imodzi yokhota
- magetsi, kulibe

Mayi a Temwa akuti thole lomwelo wogula akuligulitsa, koma mtengo wakwera. Akuti ndikapite ndekha, poti ndazolowera kupikisana.

Titaweruka foni yanjenjemera m'thumba la jekete. Ovololo yabuluu, chipewa chopendekera, dzino lagolide.

"Adada, mawa mubwere ndi ndodo zowotcherera ndi zitsulo. Mbuzi zikukwera pamanda, pakufunika mpanda. Mukamaliza mubweretse mafelemu anu mudzawotcherere konkuno, jenereta ilipo. Ndalama ya tsiku yobwerekera muzipereka kwa NyaMoyo. Petulo wanu. Chonde musachedwe."

Ndawerenga kangapo, nditaima padzuwa.

Ine ndikudziwa zomwe ndikudziwa. Kiyi ali ndi ndani ndikudziwa, sola ili padenga la ndani ndikudziwa. Ndipo Lameki moyo wake wonse sanandiuzepo chonde. Nkhaniyi ndikhoza kukainena kwa a Shaba aakulu mawa lomwe, mosapita m'mbali, monga ndimachitira.

Koma mwezi ukutha, mawindo akufunika, ndipo jenereta ili pakhomo limodzi lokha m'dera lonse lino. Komanso tiyerekeze kuti ndalakwitsa. Mawa ndikhala tsiku lonse nditagwada pambali pa manda a Lameki penipeni, chigoba kumaso, osaona za kumbuyo.

Ndayeza zitsulo. Ndasankha zolimba, zosachita dzimbiri. Makona akhala owongoka.

Ndayankha: "Yewo, a Shaba. Ndifika m'mawa."

Tabuluu.