Muvi wa a Imakaye

Mumsewu monsemo ankadziwa kuti kwa a Imakaye ludzu limayamba laphunzira ulemu. Bambowa anali okonza mafiriji opuma pantchito. M'galaja mwawo munali firiji yakale yomwe anaiboola chitseko n'kuikapo kampopi. M'kati munkakhala mgolo wachitsulo wa mowa wofulula okha, pambali pali silinda ya gasi ndi geji yake yoyezera mphamvu ya gasiyo. Lamulo linali limodzi: kuzizira kukhale madigiri anayi, muvi wa geji uloze pa 12. Ukangotambasula dzanja ndi tambula, yankho linali lomwe linawapatsa dzinalo: "Imani kaye."

Mkamwini wawo, mphunzitsi wofatsa, anaima maola awiri tsiku loyamba. Mpaka lero amati kupempha mkazi kunali kosavuta kuposa kupempha tambula imodzi.

Amene ankavutika kwambiri anali mnzawo wometa tsitsi.

"Achimwene, ndikufatu ndi ludzu!"

"Muzifa pang'onopang'ono. Firiji ili pa sikisi."

"Kusiyana kwake n'chiyani?"

"Mukamameta, khutu ndi tsitsi n'chimodzimodzi?"

Akatero ankawerama pageji, maso tong'o, ndipo aliyense ankakhala chete kuyang'ana komweko ngati pali m'busa akupemphera. Tsiku lina akazi awo anatsegula firijiyo kuti aikemo mkaka. Galaja inatsekedwa masiku awiri, ndipo ena anabwera kudzapepesa. Tsiku linanso wometa uja anapotoza kachitsulo kotsegulira gasi mwakabisira, eni ake ali kubafa. Mawu anamveka kudutsa makoma awiri: "Bwezerani!"

Ukawayamikira mowa ankakwinya nkhope. "Yamikani madigiri. Ine ndangodikira."

Atadwala, anaitana mkamwini pafupi ndi bedi. "Mgolo womaliza uli m'firiji. Mudzawapatse anzanga. Koma musadzandichititse manyazi ndi thovu."

Patatha sabata chiikireni maliro, anzawo anadzaza m'galaja masana. Mkamwini anaona choyezera kuzizira: madigiri anayi. Anaona muvi: 12. Anatsegula kampopi, ndipo munatuluka thovu lokhalokha. Anadzaza jagi, thovu. Jagi yachiwiri, thovu. Mgolo unali kupepuka, iye thukuta lili kamukamu.

"Aphunzitsi, thovuli ndipatseni ndikametere anthu," anatero wometa.

Mkamwini anapotoza uku, muvi pa 12. Anapotoza uko, pa 12. Anatseka gasi yense n'kuzula paipi, muvi uli pompo osagwedezeka.

Apongozi ake aakazi anali ataima pakhomo.

"Bambo, geji imeneyo inafa chaka chomwe munkakwatira mwana wanga."

"Nanga amayi, zaka zonsezi ankayang'anapo chiyani?"

"Ankafuna inu muziyang'anapo kuti mutseke pakamwa. Iwo ankamvera ndi khutu."

Mayiwo analowa, nakoka kamphete ka pamwamba pa mgolo mpaka mpweya wowonjeza unatuluka kuti tsiii. Anabwezera paipi, naika khutu pachitsulo, dzanja likupotoza pang'onopang'ono. Zaka makumi atatu akumvera kuchokera kukhitchini sizinapite pachabe. Wometa anasendeza tambula yake.

"Imani kaye," anatero mayiwo, osatembenuka.

Panalibe anaseka. Onse anaima ola lathunthu, ndipo kwa nthawi yoyamba wometa sanadandaule. Mowa utatuluka unali woyera bwino, thovu la zala ziwiri pamwamba. Unakwana tambula imodzi aliyense, basi. Mkamwini anati ayamike, koma mayi anamudula: "Yamikani madigiri."

Masiku ano mkamwini ndiye amafulula. Anagula geji yatsopano yonena zoona, ndipo mowa umakhala wokonzeka alendo asanafike. Munthu amabwera, amamwa, napita mphindi khumi zisanathe. Apa mpamene mkamwini wazindikira kuti nkhani zonse za mumsewuwo zinkakambidwa anthu ali chiimire, matambula opanda kanthu m'manja. Geji yakale anaikhomera pakhoma pamwamba pa firiji. Loweruka wometa amabwera, n'kuima pansi pake kanthawi asanapemphe kanthu. Muvi udakali pa 12.