Ndinaimbira Maliro Munthu Wamoyo

Mpaka lero ndikamadutsa kanjira kotsikira kumjigo ku Area 23, ndimakumbukira zimene ndinachita pakhomo lina kumeneko. Mwina eni ake anaiwala, koma ine ayi.

Unali mwezi wachiwiri chindisankhireni kukhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa mlaga wathu, kagulu ka mabanja opemphera m'makomo Lachinayi. (Wachiwiri chabe, komatu ndinagula jekete yatsopano.) Mtsogoleri weniweni, a Mbewe, anali atapita kumudzi, ndiye ndinkayenda ngati mpingo wonse uli m'thumba mwanga.

Loweruka lina m'mawa foni inalira. Anali mayi Nabanda, mlembi wathu, ali m'minibasi, phokoso lokhalokha.

"Abambo, mwamva? Bambo Chikopa atisiyatu."

"Atisiya? Liti?"

"Dzulo. Akazi awo ndi amene..." Foni inaduka.

Munthu wanzeru akanaimbanso. Ine ndinaona mwayi woonetsa kuti a Mbewe akachokapo zinthu siziima. Ndinalengeza pagulu lathu la pafoni kuti taonekeredwa zovuta, aliyense afike msanga. Pofika teni koloko ndinali patsogolo pa amayi khumi, tikulunjika kwa a Chikopa. Abambo awiri anathyola masamba n'kuyala mumsewu. Nyimbo ya maliro ndinayambitsa ndekha, mawu ndikunjenjemeretsa dala.

Pakhomo tinapeza pali zii. Popanda wolira, zovala zili pachingwe, nkhuku zikudya. Mtima unandinong'oneza kuti pali china, koma ndinati ameneyo ndi Satana, n'kukweza nyimbo. Oyandikana nawo anayamba kutuluka, ena akulira kale.

Chitseko chinatseguka. Anatuluka malemuwo, opanda malaya, mswachi uli kukamwa.

Abale, mantha ndimawadziwa, koma awa anali ena. Nyimbo inathera pomwepo. Mayi wina anakuwa "Mayo ine!" n'kuliyatsa liwiro, nsapato kusiya pomwepo. Inenso ndinafuna kuthawa, koma malemuwo anali akuyang'ana ine.

"Wamwalira ndani?" anafunsa bambo Chikopa.

"Ndi... ndinu, bambo." (Inde, ndinayankhadi choncho.)

Apo n'kuti mayi Nabanda akufika ali wefuwefu. "Ayi, abambo! Ndimati atisiya mpingo! Ati sabweranso kumapemphero!"

Mantha oyamba asanathe, anabwera achiwiri. Kumbuyo kwanga anthu anayamba kunong'onezana. "Kulosera munthu imfa masanasana? Wajeketeyu akudziwapo kanthu." Ndinadziwa kuti bamboyu akangoyetsemula sabata imeneyo, dzina la ufiti ndi langa.

Koma bambo Chikopa sanakalipe. Analavula thovu, n'kutiyang'ana mmodzimmodzi.

"Miyezi itatu ndagona ndi mwendo uwu, wa mlaga palibe anapondapo pano. Lero mwamva kuti ndafa, mwabwera ndi kwaya yomwe. Zikomo."

Mawu amenewo anandipweteka kuposa mbama. Ndinachita manyazi mpaka kulakalaka nthaka itandimeza, chifukwa ndinalidi nditamva kuti akudwala, koma kuona odwala kunalibe ondionerera.

A Mbewe atabwerako anaseka mpaka misozi, kenako anandikhazika pansi.

"Safunsa anadya phula, achimwene. Ambuye sapereka khola lonse tsiku limodzi. Amayamba akupatsani nkhosa imodzi kuti aone ngati mungaisamale. Yanu ndi imene mwaiimbirayo."

Sanandichotse paudindo, koma anandiletsa kulengeza chilichonse, ngakhale nambala ya nyimbo. Ntchito yanga inakhala imodzi: Lachitatu lililonse kukaona bambo Chikopa. Ulendo woyamba anandisiya panja. Wachiwiri ndinabwerera pageti ndekha chifukwa cha mantha. Wachinayi ndi pamene anandipatsa mpando.

Papita zaka zitatu tsopano, ndikadali wachiwiri, ndipo ndaphunzira kufunsa kawiri ndisanatsegule pakamwa. Bambo Chikopa kutchalitchi sanabwererebe, ngakhale ndimawapempherera tsiku ndi tsiku. Koma Lachitatu ndikangoti odi, amafuula ali m'nyumba:

"Ndikadali moyo, abusa! Lowani, koma musaimbe."