Kanjedza wa Amake Misozi

Taonani kanjedza amene mukumusekayu, waima yekhayekha kuseri kwa nyumba yanga kuno ku Kapata ngati mlendo amene basi yamusiya, masamba ali fumbi lokhalokha. Ine ndikamuona ndimaona anzake amene ndinawasiya kumwera kwa Namibia, mizere ya akanjedza kuyambira apa mpaka kumene maso amatopera, aliyense atalendewetsa mikoko ya zipatso yolemera kuposa thumba la feteleza. Amene akuti ndikunama aimirire pompano ndimuone nkhope. Aimirire! Inunso aTembo, mkamwini wanga, amene mwanola kale nkhwangwa kuti Loweruka mugwetse mtengowu muikepo mabedi a tsabola, khalani pansi mumve kaye.

Dzulo munandiuza kuti, "Atate, tsabola miyezi itatu chabe wabereka, koma uyu zaka makumi awiri akungotitchingira dzuwa." Mukundiphunzitsa za tsabola ine? Ine amene mkazi wanga, malemu amake Misozi, ankalima tsabola pabwalo pomwe pano inu musanamere mano? Tsabola ndi mwana wolirira. Mumufese pa nazale, mumuphimbe ndi udzu, mumuokere, mumuthirire mmawa ndi madzulo, mumuchotse nsabwe kunsi kwa masamba, ndipo mukangopita kumaliro ku Tamanda masiku awiri mudzamupeza wagwetsa makutu ngati mwamutukwana. Inde amabereka msanga, chifukwa duwa lake limadzikwatira lokha, silidikira munthu, koma pakatha zaka ziwiri wasanduka tinkhuni.

Kanjedza ndi munthu wamkulu. Amafuna mizu ikhale m'chinyontho, mutu padzuwa, mvula pa zipatso zake saifuna, ndipo sathamanga: zaka zisanu, zisanu ndi ziwiri, akungokuyang'anani. Chinanso chimene simuchidziwa n'chakuti pali kanjedza wamwamuna ndi wamkazi, monga zimakhalira ndi mapapaya. Wamwamuna amatulutsa mungu, ufa uja mumauona pa ngayaye za chimanga, ndipo pafamu imene ndinkagwirapo ntchito ku Namibia munthu amayenera kukwera, kuthyola maluwa a wamwamuna n'kukawamangirira m'maluwa a wamkazi. Unkhoswe umenewo ndiye unali ntchito yanga. Mukumva?

Ndinapita kumeneko ngati dalaivala wa lole, iwe Misozi uli kumsana kwa amako, koma eni famu ataona mmene ndinakwerera pamwamba pa katundu anati munthu uyu si wa chiwongolero, ndi wa mitengo. Kutentha kwa kumeneko musakuyerekeze ndi kwa Okutobala wa kuno, chifukwa chithunzithunzi changa chinkakana kutuluka m'nyumba, ndinkapita kuntchito ndekha n'kuchipeza madzulo chitabisala pansi pa bedi. Panali kanjedza mmodzi wamtali kuposa onse amene ndinkayamba kumukwera Lolemba nditanyamula kamba, minga yaitali ngati masipoko a njinga ikundibaya, Lachitatu ndiye ndafika pamwamba, ndipo ndikayang'ana chakuno ndinkaona mapiri a Chipata, ndinkaona Kapata, ndinkaona amake Misozi akuyanika zovala, moti tsiku lina ndinakuwa kuti, "Mbuzi ikudya tsabola kuseri uko!" Anatembenuka n'kuigenda mbuziyo. Yankho lawo linandipeza Lachisanu ndikutsika: "Mubwera liti?"

Anali iwo amene ananditumizira njere za tsabola wawo m'kalata, poti ndinadandaula kuti ndiwo za kumeneko sizikoma. Envulopu inafika ikufuka utsi, wa positi ataigwira ndi mbaniro. Ndinafesa njere pamene paipi inkadontha, inamera imodzi, n'kubereka tsabola mmodzi yekha, wofiira psuu, moti ntchentche zinkamulambalala patali.

Ndiye chinafika chaka cha mavuto. Akanjedza onse aakazi anatsegula maluwa tsiku limodzi, chimphepo chinali chitathyola makwerero onse, anzanga anali atagona ndi chimfine, ndipo duwa la wamkazi limangodikira masiku ochepa, likatseka ndiye chaka chapita. Bwana wa famuyo anakhala pamchenga n'kuyamba kulira. Ine ndinati, bwana pukutani misozi, pali munthu wa ku Chipata pano. Ndinakolola mungu wa amuna onse, ndinadzaza chipewa, matumba a buluku, masokosi, wotsalawo ndinaukokera m'mphuno ngati fodya, ndinathyola tsabola wa amake Misozi uja n'kumuika m'thumba la malaya, ndipo mtengo wa masiku atatu uja ndinaukwera tsiku limodzi. Nditafika pamwamba ndinakutumula zonse, ndinatembenukira kumene kunali mizere, n'kumuluma tsabolayo.

Ndinayetsemula kamodzi kokha. Kamodzi, aTembo! Dzuwa linabisika ndi mungu mpaka nkhuku zinalowa m'khola masana, mitengo yonse inawerama ngati anthu m'tchalitchi, ineyo ndinakagwera mumtsinje kutsidya kwa famu, ndipo chaka chimenecho anabereka kanjedza aliyense, anabereka mapolo a magetsi, inabereka ndodo ya bwana, linabereka ngakhale tsache la kukhitchini moti wophika ankasesa uku akudya. Chipsera chake ndi ichi pamwendo apa. Misozi, usaseke, si cha njinga chimenechi, cha njinga chili mwendo winawu.

Mwamva tsopano kuti mukulankhula ndi ndani. Ndiye funsani funso lanulo, ndikuliona pakamwa panu: nanga uyu bwanji sabereka?

Nditatha zaka khumi ndi zinayi ndinabwerako, ndipo m'thumba la malaya ndinanyamula njere ya kanjedza. Imodzi. Ine nkhoswe ya chipululu chonse, munthu wodziwa kuti pamafunika awiri, ndinanyamula imodzi, chifukwa inzake ndinaitaya pawindo la basi nditamaliza kudya chipatso chake. Amake Misozi anaibzala ndi manja awo, anaizunguliza ndi minga kuopa mbuzi, ankaithirira ndi madzi otsala posamba. Patatha zaka zisanu ndi ziwiri mtengo unatulutsa maluwa, ndipo nditangowayang'ana ndinadziwa: wamkazi. Wamwamuna wa mtundu wake sindinamuonepo m'Chipata muno. Tizipatso timene mumasesa chaka ndi chaka, tobiriwira, topanda njere m'kati, ndi timeneto.

Ndikanawauza zoona amake Misozi. Koma ndinali nditawauza kale za kuyetsemula kuja, iwo atauzanso amayi onse a kumphakati wathu wa tchalitchi, ndiye ndikanayambira pati? Chaka chilichonse ankandifunsa kuti, "Atate ake Misozi, chaka chino tilawa?" Ine ndinkati, "Chaka chamawa." Ankangomwetulira n'kukathirira. Anandidikira ine zaka khumi ndi zinayi, anaudikira mtengowu zaka zinanso, ndipo tinawaika m'manda asanalawe.

Tsopano yang'anani pamwamba apo, pakati pa masamba. Chikwama cha maluwa chayambanso kung'aluka. ATembo, mabedi anu muyambe mwaika kutsogolo kuja, dzuwa liliko lokwana, manyowa ndikuthandizani kututa. Nkhwangwayo ipachikeni nyengo imodzi yokha. Iwe Misozi, maso anga sakuonanso mizere ya m'kope, tenga cholembera ulembe nkhaniyi lero lomwe, uiike pafoni, uitumize ku Mtenguleni, ku Tamanda, kwa aliyense amene bambo ake anakagwirako ntchito kunja n'kubwera ndi njere m'thumba ngati chitsiru chinzanga. Kwinakwake kuli kanjedza wamwamuna amene eni ake akumunoleranso nkhwangwa. Atipatse duwa limodzi chabe. Makwerero ndibwereka, kukwera ndikwera ndekha, ndipo inu aTembo mundisungire tsabola mmodzi, wofiira kwambiri. Ulembe zonse, mwanawe, ndi za tsache zomwe. Usachotsepo kanthu.